Kandege ka Red 8: momwe ntchito ikuyendera

Chaka chino patebulo langa pali kachifanizo ka pulasitiki ka Messerschmitt Me 262 B-1a/U1, jeti ya anthu awiri imene Ajeremani ankasakira nayo ndege za Britain usiku m'miyezi yomaliza ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Muyeso wake ndi 1/48, ndiye mapiko amene pa ndege yeniyeni ndi mamita 12 ndi theka, pano akwana masentimita pafupifupi 26. Ndasankha imeneyi chifukwa ndege yeniyeniyo ili konkuno ku Johannesburg, ku Ditsong National Museum of Military History ku Saxonwold, moyandikana ndi Johannesburg Zoo. Nambala yake ya kufakitale ndi 110305, m'mbali mwake munalembedwa 8 wofiira, n'chifukwa chake imatchedwa Red 8, ndipo mwa Me 262 zonse zosaka usiku yatsala yokhayi.

Kandege konyezimira ayi, sindikukafuna. Ambiri akaimanga ndegeyi amaionetsa ngati chozizwitsa chimene chinangochedwa kufika. Ine ndikuona ndege imene mbali iliyonse inabwera pofuna kuthana ndi vuto lina, n'kubala vuto latsopano. Zimenezo n'zomwe ndikufuna zioneke munthu akakayang'ana.

Malichi: chipinda cha oyendetsa

Ndisanadule kanthu ndinakaona kaye ndege yeniyeniyo. Zithunzi sizionetsa bwino momwe thupi lake lilili lotakata m'munsi n'kupyapyala kumtunda, komanso momwe injini zalendewerera pafupi ndi nthaka. M'nyumba yomweyo muli ndege ya Britain, Mosquito PR IX, nambala LR480. Iyo inali yojambula zithunzi, siinkaponya mabomba, komabe ndi ya banja lomwelo limene Red 8 inkalisaka pamwamba pa Berlin.

Ndayambira m'chipinda, monga mwa mwambo wa ntchitoyi. Mkati monse ndapaka RLM 66, penti yotuwa moderako imene Ajeremani ankapaka m'zipinda za ndege zawo. Malamba a pampando ndadula ku kachitsulo kopyapyala kotsekera chitini cha khofi, chifukwa kamapindika n'kukhala momwemo.

Mpando wakumbuyo ndiwo mutu wa nkhani yonse. Poyamba B-1a inapangidwa kuti ikhale yophunzitsira, popeza anyamata ambiri ankakwera jeti koyamba ali okhaokha, wowalangiza ali pansi. Mpando wachiwiriwo unadya malo a mafuta. Jeti za nthawi imeneyo zinali zaludzu, makamaka zikamauluka m'munsi, ndiye anapachika mathanki awiri a malita 300 lililonse pansi pa mphuno. Mathankiwo anawonjeza kulemera n'kuchepetsa liwiro. Pamene pankafunika yosaka usiku, anachotsa zowongolera za mphunzitsi n'kulowetsa mabokosi a radar ya FuG 218 Neptun, ntchito imene inachitikira ku Staaken, m'mphepete mwa Berlin, m'mashopu a Lufthansa. Zimene zinafika kwa asilikali n'zowerengeka ndi zala. Yeniyeni imene ankailota, B-2a, ya thupi lotalikitsidwa kuti mafuta abwerere m'malo mwake, nkhondo inatha isanafike kunkhondoko.

Mabokosi a radar amene anabwera m'bokosi la kandege n'ngosalala kwambiri. Ndawawonjezera timawaya ta mkuwa kumbuyo, chifukwa galasi la pamwamba n'lalikulu ndipo zonse zidzaoneka.

Epulo: mphuno

Kandege kalikonse ka tayala lakutsogolo kamafuna kukhalira mchira kakapanda kulemetsedwa. Ndaphwanya timtovu ta asodzi n'kutimata pansi pa malo a mfuti. Poyesa ndamanga zigawo zonse ndi tepi n'kuika pa pensulo pamzere wa matayala aakulu. Mphuno yagwa yokha, ndiye mtovu wakwana.

Ndege yeniyeni inayamba ndi tayala kumchira. Pa 18 Julayi 1942 ku Leipheim, woyesa ndege Fritz Wendel atafuna kuiulutsa koyamba ndi injini za jeti zokhazokha, mchira unakana kunyamuka. Panalibe chopukusa mphepo kutsogolo choti chikankhire mpweya kumchira, ndipo mapiko ankatchinga wotsalawo. Njira imene anapeza inali yogunda mabuleki pang'ono ndege ili pa liwiro kuti mchira udzuke. Munthu wodziwa ngati Wendel akanatha, koma mnyamata wongotuluka kusukulu usiku sakanayesa. Anasamutsira tayala kutsogolo, ndipo mwendo wa tayala limeneli unakhala umodzi mwa malo ofooka a ndege yonse. Unkathyoka potera, mpaka analemba chenjezo pamenepo loti ndegeyi asamaikoke pa tayala lakutsogolo. Kachenjezo kameneko kalipo pa pepala la zomata, kang'onong'ono, ndipo ndikakaika. Mwendo wa pulasitiki nawo ndauboola n'kulowetsamo waya, chifukwa mtovu uja ukhala pamutu pake zaka zambiri.

Mfuti za Me 262 zinali MK 108 za mamilimita 30. Chipolopolo chimodzi chokha chinkaphwanya kwambiri, koma chinkatuluka pa liwiro lochepa, mamita pafupifupi 540 pa sekondi, n'kuyamba kugwa msanga. Woyendetsa ankayenera kuyandikira kwambiri, pomwe ndege yake ikuthamanga mwakuti nthawi yolunjika inali kaphindi chabe. Akakhota mwamphamvu, malamba a zipolopolo ankaduka kapena kukodwa. Zitseko za mfuti ndazitseka, popeza m'menemo ndi momwe ndabisa mtovu.

Mapiko ndawalumikiza sabata yomweyi. Kupendekera kwawo chakumbuyo, madigiri 18.5, anthu amakutama ngati nzeru ya liwiro. Chiyambi chake chinali china: injini zinalemera kuposa momwe ankayembekezera, ndiye anapendeketsa mapiko kuti ndege isapepukire mbali imodzi.

Meyi: injini

Mwezi wonse wathera apa, ndipo sindikudandaula. Injini yakumanzere ndaisiya yovundukula, yakumanja ndaitseka. Amene akufuna kumvetsa ndegeyi ayang'ane Jumo 004.

Injini imeneyi anaipanga akatswiri a kampani ya Junkers motsogozedwa ndi Anselm Franz. Mpweya umalowa kutsogolo, umapanikizidwa m'magawo 8, umalowa m'zipinda 6 zoyatsira, n'kutuluka ukuzungulitsa turbine imodzi. Mphamvu yake inali yokankha pafupifupi makilogalamu 900. Zoyamba, za mtundu wa 004A, anazipanga ndi zitsulo zabwino zopirira moto. Koma Germany inalibe nickel, chromium ndi cobalt zokwanira injini zikwizikwi, ndiye 004B, imene inapita kunkhondo, anaipanga ndi zitsulo zotsika. Zipinda zoyatsira zinali za chitsulo wamba chokutidwa ndi aluminiyamu, ndipo anadalira mpweya wozizira wodutsa mkati kuti zisasungunuke. Mapeto ake injini inkakhala maola 10 mpaka 25 basi. Amakaniko ankangokhalira kumasula ndi kumanga.

Mu 1943 timapeni ta turbine tinayamba kuthyoka osadziwika chifukwa. Katswiri wa za kunjenjemera kwa zitsulo, Max Bentele, ndiye anapeza kuti pa liwiro lina la injini timapenito tinkanjenjemera mogwirizana ndi kuzungulira kwake mpaka kutopa. Anatifupikitsa ndi milimita imodzi, anatisintha kaumbidwe, ndipo anatsitsa kuzungulira kwa injini kuchoka pa 9,000 kufika pa 8,700 pa mphindi. Pa muyeso wanga milimita imodziyo singaoneke ngakhale ndi galasi lokulitsira.

Chimene chinkapha anthu kwambiri chinali chogwirira mafuta. Woyendetsa wozolowera Bf 109, ndege yakale ya chopukusa mphepo, akaona zoopsa dzanja lake limakankha lokha mpaka kumapeto. Pa Jumo 004, injini ikakhala kuti isanafike kuzungulira kokwanira, kukankha koteroko kunkathira mafuta ochuluka pa mpweya wochepa, kutentha n'kukwera, turbine n'kupsa. Kubweza msanga nakonso kunkazimitsa moto. Ndiye potera, ndege ikakhala yatsitsa liwiro, inalibe mphamvu yothawira, ndipo oyendetsa Mustang ndi Tempest, ndege za America ndi Britain, anaphunzira kudikirira pafupi ndi mabwalo. Walter Nowotny, amene ankatsogolera limodzi mwa magulu oyamba a ndegezi, anafa pa 8 Novembala 1944 pafupi ndi bwalo la Achmer, atanena pa wailesi kuti injini yamuvuta. Tsono zonsezi muziike mumdima, pa bwalo lozimitsa nyali poopa Mosquito zozungulira pamwamba.

Kutsogolo kwa injini, pakati penipeni pa khomo la mpweya, pali kainjini ka petulo ka Riedel koyatsira yaikuluyo. Kali ndi kamphete kokoka ndi dzanja, monga timachitira ndi jenereta magetsi akathima. Kampheteko ndakapinda ndi waya wopyapyala. Kumbuyo kuli chitsekerero chosongoka chimene chimayenda kutsogolo ndi kumbuyo posintha kukula kwa potulukira utsi. Chimenechi nacho nthawi zina chinkaguluka n'kutseka njira, injini n'kufa pomwepo, ndege n'kupotokera mbali imodzi. Ndachipaka mtundu wa chitsulo chopsa, kofiirira ndi kabuluu pang'ono. Mapaipi a mafuta ndawonjezera ndi waya wa mtovu wowotcherera, chifukwa ndi wofewa.

Juni: maeriyo

Maeriyo a radar a pa mphuno, a pulasitiki, amene anabwera m'bokosi n'ngonenepa. Pa ndege yeniyeni akanakhala ngati mapaipi a madzi. Ndasunga mikono inayi yokha, timitengo take ndadula ku waya wa mkuwa. Chovuta n'kuti tonse tiime mofanana. Ndakhoma timisomali pa kathabwa kuti kalikonse kagone pa ngodya imodzi guluu akamauma. Kuzizira kwa Johannesburg mwezi uno kwachititsa kuti zala zisamamve bwino, ndiye ndikugwira ntchitoyi masana a Loweruka okha.

Maeriyo amenewa ali ndi mbiri yaitali kuposa ndegeyi. Ajeremani anayamba ndi radar ya Lichtenstein pa Bf 110 ndi Ju 88, ndege zimene sizinapangidwire usiku n'komwe. Pa 9 Meyi 1943 Ju 88 R-1 inathawira ku Dyce, pafupi ndi Aberdeen ku Scotland, radar yake ili yonse, Angerezi n'kuiphunzira. Usiku wa pa 24 Julayi chaka chomwecho, pa Hamburg, anayamba kumwaza timizere ta aluminiyamu totchedwa Window, ndipo magalasi a radar za Ajeremani anadzaza ndi ndege zabodza. Yankho loyamba la Ajeremani linali la woyendetsa ndege Hajo Herrmann, njira yotchedwa Wilde Sau: ndege za munthu mmodzi zopanda radar, zosaka ndi maso pamwamba pa mzinda woyaka, mothandizidwa ndi nyali zazikulu zapansi. Yankho lachiwiri linali radar ya SN-2, ya maeriyo akuluakulu odya liwiro. Pamodzi ndi mfuti zoloza kumwamba za Schräge Musik, zowombera Lancaster, ndege yaikulu ya mabomba ya Britain, kuchokera pansi pa mimba pomwe inalibe maso, inagwira ntchito yoopsa: pa Nuremberg, usiku wa pa 30 Malichi 1944, Britain inataya ndege 95 mwa 795. Kenaka pa 13 Julayi 1944 Ju 88 G-1 inasochera n'kutera pa Woodbridge ku England, SN-2 nayo n'kuululika. Neptun ya pa mphuno ya Red 8 inabwera pambuyo pa zonsezo.

Mosquito ndiyo inasautsa Ajeremani mpaka kumapeto. Inali ya matabwa, youluka pamwamba ndiponso yothamanga mwakuti Bf 110 ndi Ju 88 zolemedwa ndi maeriyo sizinkaipeza. He 219 ya Ajeremani, imene inapangidwiradi usiku ndipo inali ndi mipando yodziponya kunja, zinapangidwa zosapitirira 300. A kampani ya Focke-Wulf anayesa kupanga yawo ya matabwa, Ta 154, koma fakitale ya guluu wabwino ku Wuppertal itaphulitsidwa, guluu wolowa m'malo ankadya matabwawo. Chotsala chinali jeti. Woyendetsa ndege za usiku Kurt Welter anapatsidwa kagulu koyesera Me 262 kumapeto kwa 1944, kamene kanadzakhala 10./NJG 11, pa bwalo la Burg pafupi ndi Magdeburg. Kuyambira pa 20 Febuluwale 1945 ma Mosquito anaponya mabomba pa Berlin mausiku 36 otsatizana, ndiye chosaka chinalipo.

Chimene chikundichititsa chidwi n'chakuti maeriyo amene ndikuvutika nawowa sanagwire ntchito yochuluka. Ambiri mwa ma Mosquito amene kaguluka kanagwetsa anagwetsedwa ndi Me 262 za munthu mmodzi, zopanda radar, mwa njira yakale ija ya maso ndi nyali zapansi. Za anthu awiri zinafika mochedwa, m'masabata omaliza. Ziwerengero zimene Welter ankapereka nazo sizigwirizana ndi mabuku a Britain olemba ndege zotayika, zake n'zochuluka. Pa Lancaster jetiyi sinali yoyenera kwenikweni: inalibe mabuleki a mumlengalenga, injini sizinkalola kubweza mafuta mwadzidzidzi, ndiye mumdima inkatha kungopitirira mdani isanamuone bwino.

Julayi: ming'alu ndi funso la mnzanga

Thupi ndalitseka. Pamsana ndi pomwe injini zimakumana ndi mapiko panatsala mipata, ndaimata ndi phala lotsekera n'kupala ndi sandipepa wonyowa. Apa sindikufuna kusalaza mopitirira. Me 262 zenizeni zinkamatidwa phala m'malumikiziro, ndipo pa zithunzi za zimene zinapezeka zosapakidwa penti mizere yake imaoneka poyera.

Amene ankazimanga ambiri sanali amisiri olipidwa. Zinapangidwa pafupifupi 1,400, ndipo mafakitale ataphulitsidwa ntchito inasamukira m'nkhalango ndi m'mapanga. Ku St. Georgen an der Gusen ku Austria, m'mapanga otchedwa Bergkristall, akaidi a msasa wa Gusen ndiwo ankalumikiza matupi a ndegezi. Ku Kahla, m'phiri la Walpersberg, kunalinso anthu ogwidwa ukapolo m'maiko osiyanasiyana. Anthu zikwizikwi anafera m'malo amenewa ndi njala, matenda ndi nkhanza. Ndikamamva wina akuti ndegeyi ikanapangidwa yambiri nkhondo ikanatembenuka, ndimafuna ayambe wanena kuti akanaipanga ndani. Pa kathabwa koimikapo kandege ndidzalembapo maina a malo awiriwa.

Mnzanga wina wa kuntchito ataona injini yovundukulayo anafunsa ngati jeti zovuta zinali za Ajeremani okha. Ayi ndithu. Gloster Meteor ya Britain, imene inayamba ntchito mu Julayi 1944 ndi 616 Squadron, inkagwedeza mphuno uku ndi uku ikathamanga, zomwe zinkasokoneza kulunjika mfuti, ndipo nkhondo itatha inapha oyendetsa mazanamazana pa ngozi, ambiri akuphunzira kuuluka ndi injini imodzi. Ya usiku yake, NF.11, nayonso inachokera ku ya mipando iwiri yophunzitsira, ndipo mwa zina anaitalikitsa mphuno kuti radar ilowe. Ku America, P-80 inapha Richard Bong, amene anagwetsa ndege zambiri kuposa Mmereka wina aliyense, pa 6 Ogasiti 1945, pampu ya mafuta italephera ponyamuka. F-100 zoyamba zinali ndi chipsepse chachifupi kumchira, ndipo woyesa ndege George Welch anafa mu Okutobala 1954 ndege itamuphwasukira m'mwamba.

Yowawa kwambiri ndi F-104 Starfighter ku West Germany. Inapangidwa kuti izikwera msanga kukakumana ndi adani pamwamba kunja kuli kowala. Ajeremani anaisenzetsa mabomba n'kumaiulutsa m'munsi, m'mitambo ya ku Ulaya. Mwa 916 zimene anagula, 292 zinawonongeka ndipo oyendetsa 116 anafa. Amene anapatsidwa udindo wothetsa vutoli mu 1966 anali Johannes Steinhoff, yemwe nkhope yake inapsa pa 18 Epulo 1945 Me 262 yake itachita ngozi ponyamuka pa München-Riem. Iye analimbikira maphunziro, maola ochuluka ouluka, kasamalidwe ka ndege ndi mipando yodziponya ya Martin-Baker, ndipo ngozi zinatsika. Kwa ine kusiyana kuli apa: Meteor ndi Starfighter zinapeza zaka zokonzedwa, pomwe Me 262 ya usiku inangopeza masabata.

Ogasiti: penti ndi zizindikiro

Pansi ponse, mapiko ndi injini zomwe, ndapopera zakuda. Sindinagwiritse chakuda chenicheni, ndasakanizamo kotuwa pang'ono, chifukwa pa kanthu kakang'ono chakuda bii chimameza mizere yonse. Pathupi ndayamba ndi RLM 76, yotuwa mwa buluu, kenaka mawangamawanga obiriwira othithikana. Awa ndiwo ayesa dzanja. Penti ndaisungunula kwambiri, mpweya wa kamfuti kopopera ndautsitsa, ndipo ndikugwira chigawo chimodzi tsiku limodzi. Mpweya wouma wa nyengo ino ukuumitsa penti pakamwa pa kamfuti, ndiye ndikupukuta pafupipafupi. Kumanzere kwatha, kumanja kwafika pa phiko.

Pa mawangawa ndikutsatira zithunzi za 1945 kuposa ndege ya ku Saxonwold. Iyo yadutsa m'manja ambiri, ndipo penti ya ndege yosungidwa imasonyeza zimene okonza anaona pa nthawi yawo.

Za zizindikiro ndaganiza kale. Bwalo la Burg litaphulitsidwa mu Epulo 1945, kagulu ka Welter kanathawira kumpoto, kufupi ndi Lübeck, komwe kanafika pomanyamukira pa msewu waukulu wa magalimoto. Mu Meyi kanadzipereka kwa Angerezi ku Schleswig. Angerezi ankapaka zizindikiro zawo zozungulira pamwamba pa mitanda ya ndege zogwidwa, ndi mizere yawo kumchira pomwe panali swastika. Red 8 inapita ku England kukayesedwa, inapatsidwa nambala VH519, ndipo mu 1947 inabwera ku South Africa pa sitima ya pamadzi. Ndidzaionetsa monga inalili itangogwidwa: 8 wofiira ali pomwepo, zizindikiro za Britain zili pamwamba pa za Germany, penti yatsopanoyo ikusiyana ndi yakale. Motero swastika sindiika m'nyumba mwanga, komanso sindinamiza mbiri. Zozungulirazo nditenga pa pepala la zomata lotsala la Spitfire, ndege ya Britain. Ndayeza, kukula kwake kukukwana pathupi, koma za pamapiko ndiyenera kudula tepi n'kupopera ndekha.

Zatsala: kumaliza mawanga kumanja, vanishi wonyezimira kuti zomata zigwire, utsi kumbuyo kwa injini, mathanki awiri a pansi pa mphuno, ndi galasi la pamwamba, limene ndalitchinga kale ndi tepi. Maeriyo ali m'kabokosi ka machesi ndipo adzamatidwa pomalizira penipeni. Ndikufunanso kupanga kangolo konyamulira injini kuti kaime pambali pa phiko lakumanzere, koma ndiyambe ndapeza chithunzi chooneka bwino cha matayala ake.